ULENDO WA LOWERUKA NDI LAMULUNGU KU MIGODI YAKALE YA KU GERMANY

Pa 21 December 2018, m'tauni ya Bottrop ku Germany, anthu a pamgodi anatuluka m'cikepe nkhope zao ziri bii, atanyamula cibuma ca malasha colemera ngati makilogalamu 7. Anacipereka m'manja mwa Pulezidenti wa dzikolo, Frank-Walter Steinmeier, ndipo ambiri mwa amene anasonkhana pamenepo anagwetsa misozi. Cibumaco cinali cotsiriza. Mgodi wa Prosper-Haniel, umene unatsala wokha m'dera lonse la Ruhr, unatsekedwa tsiku lomwelo, ndipo kukumba malasha akuda pansi pa nthaka kunatha m'dziko la Germany.

Nkhani ya lero ndi ya zimene mlendo angaone m'dera limeneli pa masiku awiri okha, Loweruka ndi Lamulungu. Ajeremani ambiri amayenda ulendo wotere pamodzi ndi ana ao: tsiku loyamba ku nyumba yosungiramo za migodi ku Bochum, tsiku laciwiri ku mgodi wakale wa Zollverein ndi m'tauni ya Essen. Kwa munthu wogwira nchito pamgodi ulendowu uli ndi phindu lapadera, pakuti umayankha funso limene aliyense wa iwo amadzifunsa mumtima: kodi tauni imatani mgodi wace ukatsekedwa?

DERA LA RUHR

Ruhr ndi dzina la mtsinje umene umathira mu Rhine pa tauni ya Duisburg, kumadzulo kwa Germany. Kumpoto kwa mtsinjewo kuli matauni ambiri ogundana, monga Duisburg, Oberhausen, Essen, Gelsenkirchen, Bochum ndi Dortmund, kotero kuti munthu wokwera sitima sazindikira pamene tauni ina yathera ndi pamene inzace yayambira. Anthu okhala m'deralo ali ngati 5 miliyoni.

Zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo malo amenewa anali dambo lotentha la mitengo ikuluikulu. Mitengo ikagwera m'matope siinali kuola yonse. Mcenga ndi dothi zinaikwirira, ndipo kulemera kwa zimenezi pamodzi ndi kutentha kwa pansi kunaisandutsa malasha. Pafupi ndi mtsinje malashawo anaonekera pamtunda, ndipo kwa zaka mazana alimi analikuwakumba m'maenje osaya. Koma mizere ya malasha imapendekera pansi cakumpoto. Kuti aifikire kumeneko anthu anayenera kuboola miyala yodzala madzi, ndipo cimeneci cinatheka kuyambira m'zaka za m'ma 1830, pamene makina a nthunzi anayamba kupopa madziwo. Kucokera nthawi imeneyo migodi inali kusunthira kumpoto ndi kuzamirazamira, mpaka ina inapitirira mamita 1,000.

Nchito itacuruka anthu a komweko sanakwane. Nkhondo ya 1914 isanayambe kunafika anthu ambirimbiri olankhula cinenero ca ku Poland. Nkhondo yaciwiri itatha kunabwera a ku Italy, ndipo pangano la 1961 linatsegulira njira a ku Turkey. Onsewa anaphunzira moni umodzi wa pamgodi, wakuti "Glück auf", mau ofunira mnzako mwai ndi kuti atuluke pansi ali wamoyo. Moni ameneyu amamvekabe m'deralo ngakhale lero.

LOWERUKA: BOCHUM

Kucokera pa sitesheni yaikulu ya Bochum, sitima ya pansi pa nthaka yochedwa U35 imafikitsa mlendo pa Deutsches Bergbau-Museum pa mphindi zowerengeka. Dzinali litanthauza nyumba ya Ajeremani yosungiramo za migodi. Inakhazikitsidwa mu 1930, migodi ikali kugwira nchito, kuti anthu wamba aone zimene abale ao amacita pansi ndi kuti ophunzira za migodi akhale ndi zoonerapo. Ndi imodzi ya nyumba zazikulu koposa za mtundu umenewu pa dziko lonse, ndipo muli akatswiri ofufuza mbiri ya migodi ndi ya zitsulo. Lolemba simutsegulidwa, koma Loweruka ndi Lamulungu alendo amalowa.

Cinthu coyamba kuoneka ndi nsanja yobiriwira ya citsulo, yotalika mamita 71, imene yaima pamwamba pa nyumbayo. Nsanja imeneyi siinamangidwe kuti ikongoletse malo ai. Inali kukoka zikepe pa mgodi wa Germania ku Dortmund, ndipo mgodiwo utatsekedwa anaiphwasula naibweretsa ku Bochum mu 1973. M'caka comweco mgodi wotsiriza wa tauni ya Bochum unatsekedwa.

Pansi pa nyumbayo, mamita ngati 20 kulowa m'nthaka, anakumba mgodi wa citsanzo. Simunatulukemo malasha ogulitsa, koma njira zace, mizati yace, njanji ndi makina ziri monga za mgodi weniweni, ndipo alendo amayendamo mtunda woposa kilomita imodzi. Kumeneko kumazizira caka conse, cifukwa cace ndi bwino kubvala jekete. Muli cikepe conyenga cimene cimagwedezeka ndi kucita phokoso kuti wokwera amve ngati alikutsika mamita 1,200. Mulinso cifanizo ca kavalo wochedwa Tobias, mmodzi wa akavalo otsiriza kukoka ngolo pansi, amene anapumitsidwa nchito mu 1966 pa mgodi wina wa ku Recklinghausen.

Woyenda m'njira zimenezi amaona m'mene kukumba kunasinthira. Poyamba munthu analikugona cammbali m'mzere wopapatiza akusema malasha ndi piki. Pambuyo pace kunadza nyundo zoyendera mphepo yopanikizidwa, zimene zinafulumizitsa nchito koma zinaononga mikono ndi makutu a ozigwira. Potsiriza kunabwera makina akulu okhala ndi magudumu a mano, oyenda uku ndi uku pa khoma lalitali la malasha ndi kuwagwetsera pa lamba wonyamula. Pamwamba pa anthu pamakhala zishango zacitsulo zocirikiza denga ndi mphamvu ya madzi opanikizidwa. Makina akadula, zishango zimasendera kutsogolo, ndipo denga la kumbuyo amalilola kuti ligwe lokha. Kugwa kwa denga kumeneku kuli ndi zotsatira zace pamtunda, monga momwe nkhani ino idzasonyezera kumapeto.

M'zipinda za pamwamba, zimene anazikonzanso mwatsopano mu 2019, muli magawo anai: la malasha akuda, la mbiri ya migodi kuyambira nthawi zakalekale, la miyala ya mtengo wapatali imene anthu amagwiritsa nchito masiku onse, ndi la zosemasema ndi zojambula za anthu a pamgodi. M'gawo la malasha muli citsa ca mtengo cimene cinasanduka mwala, ca nthawi ija ya dambo. Mwana wa sukulu akaciona sabvutikanso kukhulupirira kuti malasha anali mitengo.

ADANI A MUNTHU WA PANSI

Mgodi wa malasha uli ndi mdani amene sapezeka kawirikawiri m'migodi ya mkuwa. Mdaniyo ndi mpweya wochedwa methane, umene umatuluka m'malasha mwenimwenimo. Suoneka ndipo sununkha, koma ukasakanikirana ndi mphepo nukomana ndi kamoto kakang'ono umaphulika. Kuphulikako kumautsa pfumbi la malasha, ndipo nalonso limayaka ndi kuthamangitsa moto m'njira zonse. Pa 20 February 1946 ngozi yotere inapha anthu 405 pa mgodi wa Grimberg ku Bergkamen, ndipo palibe ngozi ina ya pamgodi ku Germany imene inatenga miyoyo yambiri kuposa imeneyi.

Cifukwa cace nyali zakale zimene ziri m'nyumbayo ziyenera kuyang'anitsitsidwa. Mu 1815 Mngelezi wina, Humphry Davy, anapanga nyali yokutidwa ndi ukonde wa waya wosalala. Wayayo amamwa kutentha kwa lawi, kotero moto sutha kudutsa kukayatsa mpweya wa kunja. Nyaliyo inalinso mlonda, popeza lawi lace limatalika ndi kubvala kacisoti kobiriwira pamene methane wacuruka. Pofuna kuletsa moto wa pfumbi, m'migodi ya Ruhr analikupacika mabeseni a madzi kudenga kwa njira. Mphepo ya kuphulika imafika moto usanafike, imaswa mabeseniwo, ndipo madzi amazimitsa lawi likamadza. Mdani wina anali wakupha mwakacetecete: pfumbi la miyala limene limaumitsa mapapo. Omvera a pamgodi safunika kuuzidwa za nthenda imeneyi.

Cinthu cimodzi cimene alendo amaima pa ico nthawi yaitali ndi cibotolo cacitsulo cotalika mamita awiri ndi theka, koma copapatiza ngati masentimita 40. Dzina lace ndi Dahlbuschbombe. Mu 1955 anthu atatu anatsekeredwa pansi pa mgodi wa Dahlbusch ku Gelsenkirchen. Anzao anaboola dzenje laling'ono, napanga cibotoloco mofulumira kuti munthu alowemo ataimika manja m'mwamba ndi kukokedwa ndi cingwe. Onse atatu anapulumuka. Mu 1963 madzi anasefukira mu mgodi wa citsulo wa Lengede ndi kupha anthu 29, koma anthu 11 amene anakhala pansi milungu iwiri anatulutsidwa m'njira yomweyo.

Madzulo mlendo angathe kupita ku Zeiss Planetarium, nyumba ya denga lozungulira imene inatsegulidwa mu 1964, m'mene makina amaonetsa nyenyezi monga ziri kumwamba. Pakati pa tauni pali malo ochedwa Bermuda3eck, odzala nyumba zodyeramo, ndipo cakudya cochuka kumeneko ndi soseji yodulidwa yothira msuzi wa tomato ndi curry.

CIFUKWA CACE MIGODI INATSEKEDWA

Malasha sanathe pansi pa Ruhr, akalipobe ambiri. Cimene cinatha ndi phindu lace. Ca m'ma 1956 migodi ya deralo inali ndi anchito pafupifupi 500,000, ndipo palibe amene analikuganiza za kutseka. Koma cakudza siciimba ng'oma. Kuyambira 1958 mafuta ochipa anayamba kulowa m'malo mwa malasha m'nyumba ndi m'mafakitale. Zombo zinabweretsanso malasha ocokera ku maiko kumene mizere yace ndi yokhuthala ndiponso ili pafupi ndi pamtunda. Malasha okumbidwa mamita 1,000 pansi, m'mizere yopapatiza ndi m'malo otentha, sanathe kupikisana nao pa mtengo. Miyulu ya malasha osagulidwa inakula, ndipo anthu anayamba kubwezedwa kunyumba masiku ena opanda malipiro.

Mu September 1959 anthu a pamgodi 60,000 anayenda mwakacetecete m'miseu ya Bonn, imene inali likulu la boma nthawi imeneyo, atanyamula mbendera zakuda. Mu 1968 migodi yambiri inaphatikizidwa kukhala kampani imodzi, Ruhrkohle AG, ndipo boma linali kuonjezera ndalama pa mtengo wa malasha caka ndi caka. Mu 2007 boma, kampani ndi bungwe la anchito anagwirizana kuti thandizolo lidzatha mu 2018. Motero kutseka kunatenga zaka 60. Akuluakulu anapumitsidwa msanga ndi penshoni, acinyamata anaphunzitsidwa nchito zina kapena kusamutsidwira ku migodi yotsala. M'nthawi yomweyo boma linamanga masukulu akulu: yunivesite ya Bochum inayamba kuphunzitsa mu 1965, m'dera limene pa nthawi imeneyo linalibe yunivesite ngakhale imodzi.

Si zonse zinayenda bwino. Fakitale ya galimoto ya Opel, imene inabwera ku Bochum mu 1962 kudzapatsa nchito anthu ocoka m'migodi, nayonso inatsekedwa mu 2014. Ulova m'matauni monga Gelsenkirchen ukali wokwera kuposa m'madera ambiri a Germany. Ndipo malasha a mtundu wina, ofiirira ndi ofewa, akali kukumbidwa m'maenje akulu a pamtunda m'mbali zina za dzikolo.

LAMULUNGU: ZOLLVEREIN

Kucokera ku Bochum kufika ku Essen sitima siitha ngakhale theka la ora. Pa sitesheni yaikulu ya Essen mlendo amakwera tramu ya nambala 107, imene imamtula pa cipata ca Zollverein. Tsiku la Lamulungu masitolo a ku Germany amakhala otseka, koma nyumba zoonetsera zinthu zimatsegulidwa.

Mgodi wa Zollverein unayambidwa ndi Franz Haniel mu 1847. Shafuti yace yochuka, ya nambala 12, inayamba nchito mu 1932. Amene anailinganiza ndi Fritz Schupp ndi Martin Kremmer, ndipo anamanga nyumba zace ndi njerwa zofiira m'mafelemu acitsulo, zonse zoongoka ndi zolingana, nsanja ya mamita 55 itaima pakati. Shafuti imeneyi inali yotulutsira malasha okha, matani 12,000 pa tsiku. Anthu analikutsikira pa mashafuti ena. Mgodiwo unatsekedwa pa 23 December 1986. M'malo mogumula nyumbazo, boma la cigawo ca North Rhine-Westphalia linaziteteza ndi lamulo, ndipo mu 2001 bungwe la UNESCO linaika Zollverein pa mndandanda wa malo amene ali cuma ca anthu a dziko lonse.

Nyumba yaikulu koposa ndi imene munali kutsukidwa malasha. Kutsukako kunali kwa nzeru yapafupi: mwala ndi wolemera kuposa malasha, tsono zikagwedezedwa m'madzi miyala imamira pansi ndipo malasha amatsala pamwamba. Lero masitepe oyenda okha, a mtundu wa moto, amakweza alendo mamita 24 kufika polowera, ndipo kucokera pamenepo munthu amatsika m'nyumbamo monga analikutsikira malasha. M'menemo muli Ruhr Museum, imene inatsegulidwa mu 2010. Imasonyeza miyala ndi zamoyo zakale za deralo, komanso moyo wa mabanja: nyumba za kampani, timinda ta kuseri, mbuzi ndi nkhunda zimene anthu a pamgodi analikuweta, ndi mpira wa miyendo umene anaukonda. Nyumba imene munali maboila tsopano imaonetsa katundu wamakono wopangidwa mwaluso, ndipo dzina lace ndi Red Dot Design Museum.

Kayendedwe pang'ono kucokera pamenepo kuli ng'anjo zophikira malasha. Monga wootcha makala amakwirira nkhuni kuti zisapse ndi kusanduka phulusa, momwemonso malasha analikutenthedwa m'zipinda zotsekedwa, zopanda mphepo, pa kutentha koposa madigiri 1,000. Utsi ndi phula zikatuluka pamatsala coke, cinthu colimba cimene cimasungunula citsulo m'ng'anjo zazikulu. Ng'anjo zimenezi zinafika 304, zondandana m'mzere umodzi wautali, ndipo zinazima mu 1993. Masiku ano nthawi yotentha ana amasambira m'dziwe limene linaikidwa pakati pa mapaipi akale, ndipo nthawi yacisanu anthu amatsetsereka pa madzi oundana m'mbali mwa ng'anjozo.

M'TAUNI YA ESSEN

Essen inalipo migodi isanabwere. Pakati pa tauni pali chalichi cacikulu cimene ciyambi cace ndi nyumba ya akazi opembedza ya m'zaka za m'ma 800. M'katimo muli cifanizo ca Mariya ndi Mwana, camtengo cokutidwa ndi golide, cosemedwa ca m'ma 980.

Kummwera kwa tauni, pa phiri loyang'ana nyanja yokumba ya Baldeneysee, kuli Villa Hügel, nyumba ya zipinda 269 imene Alfred Krupp anaitsiriza mu 1873. Banja la Krupp linalemera ndi citsulo, magudumu a sitima ndi mizinga. Banja lomweli linamangitsa midzi yabwino ya anthu wamba, monga Margarethenhöhe, umene uli ndi dzina la Margarethe Krupp ndipo anthu akali kukhalamo. Koma pa nkhondo yaciwiri mafakitale a Krupp, monganso migodi ya Ruhr, anagwiritsa nchito akaidi ndi anthu ogwidwa mokakamiza m'maiko ena, ndipo ambiri anafera pomwepo. Mu 1948 bwalo la ku Nuremberg linapeza Alfried Krupp wolakwa pa mlandu umenewu. Nyumba zoonetsera zinthu za m'deralo sizibisa mbiri imeneyi.

Wokhala ndi mphamvu zotsala angathe kupita ku Bottrop dzuwa lisanalowe. Kumeneko, pamwamba pa mulu wa miyala yotayidwa kucokera m'migodi, anaimikapo nsanja yacitsulo ya ngodya zinai yochedwa Tetraeder mu 1995. Woimirira pamenepo amaona matauni mbali zonse, ndi miyulu yambiri imene kale inali yakuda koma tsopano yamera mitengo.

NGONGOLE YA MADZI

Cinthu cacikulu koposa m'dera la Ruhr mlendo saciona ndi maso. Denga lija limene analikulilola kugwa kumbuyo kwa zishango linakoka nthaka ya pamwamba, ndipo m'malo ena dziko linatsika mamita oposa 20. Midzi yambiri tsopano iri m'munsi kuposa mitsinje yoyandikana nayo. Akulu anati madzi saiwala khwawa: mapampu akaleka kugwira nchito, madzi a mvula ndi a m'timitsinje angasonkhane m'zigwa zimenezi ndi kumiza nyumba za anthu zikwi mazana. Pansi napo migodi yosiyidwa imadzala madzi amcere, ndipo ayenera kupopedwa asanakwere kufika pa madzi akumwa.

Ajeremani amaicha nchito imeneyi nchito yamuyaya, pakuti palibe caka cimene idzatha. Mu 2007 anakhazikitsa bungwe lochedwa RAG-Stiftung, nalipatsa cuma cocokera ku mbali za kampani zimene zinali kupindula, kuti phindu lace lizilipira mapampu. Ndalama zimenezi zimaposa ma euro 200 miliyoni caka ciri conse. Mtsinje wa Emscher, umene kwa zaka zoposa 100 unali ngalande yapoyera ya zonyansa popeza mapaipi a pansi akanasweka ndi kutsika kwa nthaka, unayeretsedwa kumapeto kwa 2021, atakumba ngalande yapansi yotalika makilomita 51.

Masiku awiri ndi ocepa, koma amakwanira kusonyeza zinthu zitatu zimene anthu a Ruhr anacita. Anatseka migodi pang'onopang'ono, mogwirizana ndi bungwe la anchito. Anaika padera cuma colipirira zoonongeka kampani isanathe. Ndipo anasunga nsanja, makina ndi nyali kuti adzukulu adziwe nchito imene inamanga matauni ao. Mgodi uli wonse uli ndi tsiku lace lotsiriza, monga anaonera anthu a ku Kabwe mu 1994. Zimene tauni idzakhale nazo m'mawa mwace zimakonzedwa pamene magudumu a pansanja akali kuzungulira.